Dipuloma Kapena Satifiketi? Usafolere Nyumba Isanamangidwe

Mnzanga wacinyamata, lero ndifuna tikangane, ndipo ndikuuziretu kuti mau anga mwina sadzakukomera. Mkangano wathu uli pa kacikalata kaja kamene muli kutumizirana pa WhatsApp m'magulu a acinyamata, kolonjeza kuti m'masiku asanu okha munthu asanduka katswiri woyendetsa mapulojekiti, wodziwika pa dziko lonse lapansi. Tsiku lina la Sabata titatuluka m'mapemphero ndinamva mnyamata wina akuuza anzake kuti dipuloma ndi ya anthu ogona, amene ali ndi zaka zotaya, pamene ocenjera angotenga satifiketi n'kuyamba kudya ndalama mwezi wamawa. Anzakewo anali kuvomereza ndi mitu. Ine ndikana, ndipo ndikanitsitsa. Ngati wangomaliza Giredi 12 ndipo sunayendetsepo nchito iriyonse, kuthamangira satifiketi yotere ndiko kufolera nyumba imene njerwa zake zikali dothi pa culu.

Nchito yake ndi yotani?

Tiyambe tamvana za cinthu cimene tiri kukanganirana. Pulojekiti ndi nchito imene iri ndi tsiku loyambira, tsiku lomalizira ndi thumba la ndalama lowerengeka. Kumanga kalasi, kukumba citsime ca mjigo, kukonza msonkhano waukulu wa acinyamata a m'cigawo conse, zonsezi ndi mapulojekiti. Woyendetsa pulojekiti agwira zingwe zitatu m'dzanja limodzi: nthawi, ndalama ndi kukula kwa nchitoyo. Akakoka cimodzi, ziwiri zinazo zigwedezeka. Komiti ikanena kuti tionjezere khonde pa nyumba ya abusa, matumba a simenti aculuka ndipo tsiku lotsegulira nyumbayo lisunthira kutsogolo. Munthu wa udindo umenewu ayenera kudziwa kuwerengera mtengo, kuyerekeza makoteshoni a ogulitsa, kulemba pangano ndi kontilakitala, kuyang'anira amisiri ndi kuuza eni ndalama zoona pamene zinthu zapotoka.

Dziko lathu lidziwa kulemera kwa nchito imeneyi. Njanji ya TAZARA, yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ndi ya makilomita 1,860, ndipo inamangidwa kuyambira mu 1970 kufika mu 1975. Kanjanji kolumikiza Chipata ndi Mchinji ndi ka makilomita 27 okha, koma kanayambika mu 1982 n'kudzatsegulidwa mu 2010. Ndalama zinasowa ndipo nchito inaima zaka zambiri, kotero kuti khanda lobadwa caka cimene nchitoyo inayamba linali munthu wa zaka 28 pa tsiku lotsegulira. Ambuye Yesu anacenjeza za zotere pa Luka 14:28-30, posimba za womanga nsanja amene anathira maziko asanaone ngati thumba lake lidzafika pa denga, ndipo odutsa m'njira anamseka. Tsono ndikufunse: kodi luso lopewera manyazi otere lingalowe m'mutu mwa munthu pakati pa Lolemba ndi Lacisanu?

Sindikudzudzula cifukwa cokhumba maphunziro amenewa ai. Waona bwino. Mu 2021 thumba la citukuko la CDF linali K1.6 miliyoni pa dera lirilonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo. Mu 2022 boma linalikweza kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Ndalama zimenezi zisanduka makalasi, madesiki, zipatala zazing'ono ndi milatho m'mawodi athu, ndipo nchito iriyonse ifuna munthu wodziwa kuiyendetsa. Mabungwe othandiza anthu, migodi ndi mipingo yomwe ifunanso anthu otere. Njala ya anthu odziwa iripo ndithu. Koma pamene pali njala sipasowa ogulitsa gaga m'thumba la ufa woyera.

Satifiketi yeniyeni ifunsa ciani?

Satifiketi yochuka koposa pa nchitoyi ndi PMP. Iperekedwa ndi bungwe la ku America lochedwa Project Management Institute, mwacidule PMI, limene linayamba mu 1969, ndipo mayeso oyamba a PMP analembedwa mu 1984. Ine sindinyoza PMP, pakuti ndi pepala lolemera. Koma werenga malamulo a eni ake. Munthu wa digiri ya zaka zinai salowa m'cipinda ca mayeso asanaonetse kuti watsogolera mapulojekiti kwa miyezi 36. Munthu wa sekondale yokha afunika miyezi 60, ndiye kuti zaka zisanu zathunthu. Pamwamba pa izi pafunika maola 35 a maphunziro, kenaka mayeso a mafunso 180 otenga pafupifupi maola anai.

Kodi wauona msampha? Tenga maola asanu ndi awiri pa tsiku, ucurukitse ndi masiku asanu. Yankho ndi 35. Masiku asanu aja ndiwo kagawo kocepetsetsa ka ulendo wonse, koma za miyezi 60 kacikalata kaja sikachula. Satifiketi ya PMP iri ngati mboni pa bwalo la milandu. Mboni ibwera kudzanena zimene zinacitika kale. Ngati sunagwirepo nchito, mboniyo idzanena ciani za iwe?

Ina imene udzamva ndi PRINCE2, njira imene boma la Britain linatulutsa mu 1996, ndipo mayeso ake anapita m'manja mwa kampani ya PeopleCert. Gawo lake loyamba, lochedwa Foundation, aliyense angalembe ataphunzira masiku owerengeka. PMI nayonso iri ndi satifiketi ya oyamba kumene, CAPM, imene ifuna kuti munthu anamaliza sekondale ndipo waphunzira maola 23. Mapepala amenewa ndi oona, mulibe cinyengo. Koma umboni wao n'ngwakuti wadziwa maina a zipangizo ndi dongosolo lake. Mwana angathe kuchula khasu, nkhwangwa ndi cikwakwa, koma sitimsiyira munda wa maekala khumi cifukwa ca ico.

Kumbukanso mtengo wake. Mayeso a PMP alipiridwa m'madola a ku America, mazana angapo, ndipo ukalephera ulipiranso kuti ubwereze. Ukapambana, satifiketiyo ikhala zaka zitatu. Kuti isafe uyenera kusonkhanitsa maola 60 a maphunziro ndi nchito zina zovomerezeka, ndi kulipiranso. Munthu wa pa nchito, amene alandira malipiro mwezi ndi mwezi kapena kampani yake imthandiza, asenza katundu ameneyu mosavuta. Nanga iwe amene ukali kupempha ya minibasi kwa amai?

Cikomekome ca mkuyu

Zaka zingapo zapitazo mtsikana wina wa mumpingo mwathu anakopeka ndi cikalata conga comweci. Amai ake, amene ndi amasiye, anagulitsa matumba a nsawawa, ndipo pamene ndalama zinaperewera anakatenga kaloba. Maphunziro anacitikira m'cipinda ca nyumba ina ya alendo m'tauni. Pa tsiku lacisanu anawaveka mikanjo, nawajambula zithunzi, nawapatsa mapepala okongola a zidindo zagolide. Cithunzico cinapacikidwa pa cipupa kunyumba. Patapita miyezi, mtsikanayo anaitanidwa kukafunsidwa mafunso pa bungwe lina lofuna kulemba wanchito. Mmodzi wa ofunsawo anampempha nambala ya satifiketi yake kuti aifufuze m'kaundula wa PMI pa intaneti. Iye analibe nambala iriyonse. Powerenga bwino pepalalo, linali kungonena kuti mwini dzinali anakhalapo pa maphunziro. Mayeso eni eni sanalembe, ndipo sakanaloledwa n'komwe kuwalemba. Amai aja analipira kalobayo kufikira atakololanso.

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Pepala lonena kuti unakhala pa mpando m'kalasi ndi pepala lonena kuti unayesedwa ndi eni satifiketi n'kupambana ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali, ngakhale onse alembedwa ndi mau ofanana m'Cingerezi. Wolemba nchito adziwa kusiyana kwake. Amai ako kumudzi sadziwa, ndipo ndalama zotayikazo ndi zao.

Pali cina coipa koposa ici. Ena mwa ogulitsa maphunzirowa, akaona kuti ulibe miyezi yofunika, akunong'oneza kuti usade nkhawa, iwo adzakulembera mbiri ya mapulojekiti amene sunawaone n'komwe. Udziwe kuti PMI isankha ena mwa ofunsira mayeso ndi kufufuza zimene analemba, mpaka kufuna umboni kwa akuluakulu amene anawayang'anira pa nchito, ndipo wopezeka atanama angathe kuletsedwa. Koma tinene kuti sanakugwire. Iwe Mkristu, amene udziwa lamulo loletsa umboni wonama, kodi nchito ya moyo wako wonse uiyambe ndi bodza? Davide anavula zovala za nkhondo za Sauli cifukwa sanazizolowere, ndipo anapita ndi cida cimene dzanja lake linali kudziwa (1 Samueli 17:38-40). Ukavala dzina la ukatswiri umene ulibe, tsiku lina adzakupatsa kalasi kuti uyang'anire kamangidwe kake. Kontilakitala adzacepetsa simenti iwe uli pompo, ndipo pansi pa cipupa cimeneco padzakhala ana a anthu.

Dipuloma ikupatsa ciani?

Cinthu coyamba cimene dipuloma ikupatsa ndi nthawi, cinthu comwe anzako aja ali kunyoza. M'zaka ziwiri kapena zitatu uphunzira kuwerengera ndalama, kagulidwe ka katundu, malamulo a mapangano, kulemba malipoti ndi kulondoloza ngati nchito iri kubala zipatso. Ulemba, mphunzitsi akubwezera pepala lofiira ndi inki, ulembanso. Upita ku atachimenti kumene uona ndi maso ako mmene lole ya mcenga icedwera, mmene mvula iimitsira nchito ndi mmene kapitao alankhulira ndi anthu amene malipiro ao acedwa. Zoterezi zilowa pang'onopang'ono, monga madzi alowera m'nthaka youma.

Caciwiri, dipuloma iri pa makwerero a maphunziro a dziko lino. Siifa pakapita zaka zitatu. Ukaifuna digiri m'tsogolo, dipuloma ikutsegulira khomo, ndipo mayunivesite ena acotserako maphunziro amene unacita kale. Tenga nyuzipepala uwerenge zolengeza nchito za m'makhonsolo ndi m'mabungwe. Kawirikawiri mzere woyamba ufunsa Giredi 12, waciwiri dipuloma kapena digiri, wacitatu zaka zimene wagwira nchito. PMP kapena PRINCE2 ikachulidwa pa nchito za oyamba kumene, ikhala kumapeto monga coonjezera. Ungakhale bwanji ndi ca kumapeto ulibe za kumayambiriro?

Usaganize kuti ndiri kudalitsa pepala lirilonse lolembedwa kuti dipuloma. Nyerere zipezekanso m'nkhuyu zimenezi. Alipo makoleji a m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo amene lero alipo, mawa atseka. Boma linaika alonda pa khomo limeneli. TEVETA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ilembetsa masukulu a luso la manja ndi zamalonda. Higher Education Authority, ya lamulo la mu 2013, iyang'anira mayunivesite ndi makoleji a maphunziro apamwamba. ZAQA, imene inabadwa ndi lamulo la mu 2011, isunga kaundula wa maphunziro ovomerezeka ndi kutsimikiza mapepala, ndipo olemba nchito ambiri afuna citsimikizo cake. Usanalipire ngwee imodzi, fufuza ngati koleji ndi yolembetsedwa, ndiponso ngati maphunziro eni akewo ndi ovomerezeka, pakuti izi ndi ziwiri. Safunsa anadya phula.

Ndionjeze ici, ngakhale aphunzitsi ena sadzakondwa naco. Pulojekiti iriyonse ndi ya cinthu cinacake: ya zomangamanga, ya ulimi, ya madzi, ya zaumoyo kapena ya makompyuta. Kapitao amene sadziwa kuti konkire ifuna kuthiriridwa madzi masiku angapo kuti ilimbe, amisiri adzamseka kumbali ndi kumbera. Cifukwa cake dipuloma ya kayendetsedwe ka mapulojekiti ilimba koposa ikatsamira pa luso lina limene uli nalo. Ndipo ngati mtima wako uli pa zomanga kapena pa ulimi, usaope kuyamba ndi dipuloma ya luso limenelo. Ambiri amene ayendetsa nchito zazikulu analowera pa khomo lotere.

Ndamva zimene ufuna kuyankha

Udzati, nanga a madipuloma onse aja amene ali kugulitsa pa kantemba? N'zoona, ndiwadziwa, ndipo ena ndi ana a m'nyumba zathu. Nchito n'zosowa, ndipo palibe pepala limene lilonjeza malipiro. Koma ganiza bwino. Ngati munthu wa zaka zitatu za maphunziro ali kuvutika pa mzere, wa masiku asanu adzaima pati? Tsiku limene khonsolo idzalengeza malo amodzi, mwa awiriwa adzaitanidwa ndani?

Udzati, ndalama za zaka zitatu ndiribe. Ili ndilo yankho lolemera, ndipo sindiliseka. Koma kusowa ndalama za njerwa si cifukwa cogulira udzu wofolera. Makoleji ambiri ali ndi makalasi a madzulo ndi maphunziro a kutali, ndipo ulipira temu ndi temu uku uli kugwira ganyu. Gawo lina la thumba la CDF lilipirira acinyamata maphunziro a luso m'masukulu olembetsedwa ndi TEVETA. Pita ku komiti ya citukuko ya wodi yako ukafunse maphunziro amene ali pa mndandanda. Ungayambe ndi satifiketi ya luso la manja n'kumakwera. Ndipo ngati ufuna kulawa nzeru za mapulojekiti usanalipire kanthu, bungwe la PM4NGOs liri ndi buku la Project DPro, lolembedwera anchito a mabungwe a citukuko, limene lipezeka kwaulere pa intaneti. Liwerenge coyamba. Mwina udzapeza kuti nchitoyi siikukoma monga unali kuganizira, ndipo nsawawa za amai zidzapulumuka.

Udzati, amalume anga anatenga PMP ndipo anakwezedwa pa nchito caka comweco. Ndikondwera nao. Koma kawafunse zaka zimene anatha pa fumbi la nchito asanalembe mayesowo. Kwa iwo satifiketi inafika pa nthawi yake, nyumba itafika pa mutu. Ndipo iwe mlongo kapena mbale amene uwerenga izi uli kale ndi dipuloma ya zomanga kapena ya maakaunti, ndipo watsogolera nchito zaka zokwanira, mau anga kwa iwe ndi ena. Usabwerere kukatenga dipuloma yaciwiri cifukwa ca mantha a mayeso. Sonkhanitsa umboni wa nchito zako, phunzira maola ofunika kwa aphunzitsi ovomerezeka, ukalembe. Mkangano wanga suli ndi satifiketi. Uli ndi anthu amene aigulitsa kwa munthu amene nthawi yake siinakwane.

Yamba pamene uli

Mwina ufunsa kuti luso la pa nchito ulitenga kuti, popeza aliyense afuna munthu amene analidziwa kale. Yang'ana mumpingo mwako momwemo. Kodi palibe cimbudzi cofuna kumangidwa, denga lodontha, munda wa acinyamata, ulendo wa kwaya? Pita kwa akulu a mpingo upemphe nchito imodzi yaing'ono. Lemba pa pepala cimene cidzacitika, mtengo wake, tsiku lomalizira ndi dzina la wogwira gawo lirilonse. Sunga malisiti onse. Pomaliza uime pamaso pa komiti ndi kufotokoza kumene kwacha iriyonse inapita, ngakhale pamene unalakwitsa. Pempha kalata ya umboni kwa abusa kapena kwa mlembi wa mpingo. Ukacita zotere uku uli pa koleji, udzatuluka ndi pepala m'dzanja limodzi ndi nkhani yoti usimbe pamaso pa olemba nchito m'dzanja linalo.

Nehemiya anamanganso linga la Yerusalemu m'masiku 52 (Nehemiya 6:15). Anthu akonda kuchula kufulumira kumeneko, koma aiwala zimene zinatsogola. Iye anayamba wapemphera ndi kusala kudya. Anapempha kwa mfumu makalata a ulendo ndi a mitengo yomangira. Atafika anayendera linga logumukalo usiku asanauze munthu aliyense za colinga cake, ndipo pambuyo pake anagawira mabanja ndi magulu cigawo cao cao. Nchito inathamanga cifukwa kukonzekera sikunathamange.

Tsono kacikalata kaja kakafikanso pa foni yako, usakatumize kwa mnzako usanafunse mafunso anai awa. Kodi pepala limene ndidzalandira lidzasainidwa ndi yani, ophunzitsawo kapena eni satifiketi? Kodi mtengo umene mwachula uphatikiza mayeso eni eni? Kodi ine, monga ndiri lero, ndikwaniritsa malamulo olembera mayesowo popanda kunama? Kodi dzina langa ndidzalipeza m'kaundula uti? Wogulitsa woona adzayankha mosabisa. Wina akayamba kukufulumizitsa kuti malo atsala awiri okha ndipo mtengo ukwera mawa, bweza ndalama m'thumba upite kwanu.

Makolo ako akhetsa thukuta pa ndalama imeneyo, ndipo anthu a m'wodi mwako adzamwa madzi a citsime cimene iwe udzayang'anira. Onsewa ayenera kulandira munthu wodziwadi nchito yake. Kumba maziko, imika zipupa, ndipo nthawi yofolera ikadzafika ife tonse tidzabwera kudzakuthandiza kukweza mitengo. Ambuye akupatse mtima wodekha pamene usankha.